Ndinamata duwa la mtengwa wanga ndi matope, tsopano likununkha

Aphungu,

Ndiyambe ndi chimwemwe chifukwa chikuchita kundisefukira, za mantha ndinena pambuyo. Lorenso akukwatira! Lorenso ndi mwana wa malemu achimwene anga, ndinamulera ndine bambo ake atatisiya iye akadali woyamwa chala. Anzake onse anakwatira kalekale, ena ana awo ali kusekondale, iye ali phee, ntchito yake kukonza mapampu ku esiteti ya nzimbe basi. Ndikamufunsa ankangoseka, amvekere, "Azakhali, mukuthamangira kuti? Akazi sakutha." Ndinafika pomutchula dzina popemphera kumphakati, anzanga mpaka anatopa nane.

Lero wamupeza. Dzina lake Immaculate, namwino, kwawo ku Thyolo. Aphungu, mwana ameneyu mukanamuona! Tsiku loyamba kufika pakhomo pano anandipeza ndikusinja mapira. Sanadikire mpando. Anavula nsapato, kumanga chitenje, kundilanda munsi. Dzuwa la kuno linamuchucha thukuta mpaka bulauzi kumata pamsana, koma osadandaula olo pang'ono. Ukwati uli kumapeto kwa mwezi wamawa, kutchalitchi kwathu konkuno. Ine nyimbo zaukwati ndinayamba kale kuimba ndekha kudimba, moti odutsa akumati mayi uja mutu wasokonekera. Asiyeni anene.

Koma pali nkhani ya duwa, ndipo ndi imene yandilembetsa kalatayi.

Immaculate anatumizidwa kumaphunziro a ntchito yake ku Lilongwe, miyezi ingapo. Asananyamuke anabwera ndi Lorenso panjinga yamoto, atafungatira kamphika ngati mwana wakhanda. Ine ndinkayesa ndi ndiwo. Atavundukula chitenje ndinaona chomera chimene sindinachionepo chibadwire. Masamba okhuthala ngati lilime la ng'ombe, tsamba lililonse pa tsinde lakelake lonenepa ngati kanthochi. Mumphikamo dothi nkhabe, munali makala ndi timakungwa basi, ndipo mphikawo unali wobookabooka m'mbali ngati mbaula. Mizu yoyera, yonenepa, inatulukira m'mabowomo, ina kukakamira kunja kwa mphika, ina kumangolendewera m'malere.

Immaculate anati dzina lake ndi katileya, mtundu wa maluwa otchedwa okidi. Bambo ake ankasamala maluwa ku esiteti ya tiyi, ndipo ndi iwo anamupatsa asanamwalire. Limamasula kamodzi kokha pachaka, kukamayamba kuzizira. Anandionetsa chithunzi pafoni, duwa lalikulu kuposa chikhato changa, mtundu wake ngati nsalu ija amayala paguwa nthawi ya Lenti. Kenako anandilozera kathumba kobiriwira, kopyapyala, kamene kanatuluka pamwamba pa tsinde limodzi. Anati, "Azakhali, duwa lili umu, likukula. Ine ndilibe bambo woti adzandiperekeze polowa m'tchalitchi. Ndidzanyamula duwa lawoli. Ngakhale tsiku laukwati ndasankha poyang'ana ilo."

Ndinamufunsa kuti bwanji osamusiyira Lorenso. Anaseka, amvekere, "Ameneyu? Angalithirire ndi oyilo." Lorenso naye, "Iwe, ine pampu sinandiferepo m'manja." Tinaseka tonse. Ndiye Immaculate anandilangiza kuti ndilipachike mumtengo wa nimu uli pabwalo panga, pamthunzi wolowa dzuwa pang'onopang'ono. Madzi ndizithira amvula a mumgolo, osati apamjigo, chifukwa apamjigo wathu ndi amchere, ngakhale tiyi amakoma ngati msuzi. Ndizithira makalawo akauma. Mawu ake omaliza anali akuti, "China chilichonse musalichite, azakhali. Limadzisamala lokha."

Ndipo ndinasamala, Aphungu, Mulungu ndi mboni. Mbuzi zanga zinkaimirira ndi miyendo iwiri kulilakalaka, ine ndinalikweza pamwamba. Mphepo ikawomba ndinkathamanga kukaona. Amuna anga, a Elias, ankandiseka kuti, "Ine ndikadwala simundizonda chonchi."

Zinasokonekera pamene tinamva kuti amalume a Immaculate akubwera kuchokera ku Thyolo kudzamaliza zokambirana ndi kudzaona kumene mwana wawo akudzakhala. Inu mukudziwa, alendo otere sungawalandire pakhomo posazira. Ndinakatenga dothi lakuda kumtsinje, kuzira khonde, kuzira kukhitchini, m'mbali kudutsitsa dothi loyera. Pakhomo panawala. Ndili mkati mozira anafika shamwali wanga Estere, timagulitsira limodzi nsomba pamsika. Estere pakamwa pake palibe chitseko. Anayang'ana mumtengo muja, amvekere, "Shamwali, nyumba mwaizira bwino, nanga matumbo ali panjawa? Anthu a ku Thyolo adzati duwa la malemu mwalipachika ngati mlamba wowamba, olo dothi lokha kulimana. Kuno ku Shire dothi n'losowa?"

Mawu amenewo anandilowa. Ndinaliyang'ananso duwalo ndi maso a mlendo, ndipo zoona, linkaoneka ngati chinthu chotayidwa. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma khasu ndinaligwira ndili kamtsikana. Chimene ndimadziwa n'chakuti muzu ukakhala pamtunda umaubandira. Chimanga timabandira, mapira timabandira, mbatata ikasuzumira timaikwirira isapse ndi dzuwa. Ndinaganiza kuti mwina mwanayu anachita manyazi kundipempha dothi, poti ndi mlendo. Kapena kwawo kumapiriko dothi labwino ngati lathu kulibe, n'chifukwa chake bambo ake ankangoika makala.

Ndiye ndinatenga makande a kudimba, akuda bii, aja amabereka chimanga chopanda feteleza. Ndinasakaniza ndi manyowa a mbuzi osefa bwino, kukanda ndi madzi, n'kumata mabowo onse monga timatira chikwa chosungira mapira. Mizu yolendewera ija ndinaipinda mosamala n'kuimatira kumphika. Pamwamba ndinathira dothi mpaka kukwirira pamene masinde amayambira, n'kutsendera ndi chala. Kunja ndinasalaza ndi kamwala kanga kozirira, n'kujambula timizere ndi dothi loyera. Aphungu, unakongola mphika uja. Amalume aja atafika mmodzi anaima pansi pa nimu, amvekere, "Koma mphika uwu anaumba ndani? Mwana wathu wagwa m'manja abwino." Ine mtima unachita kuvina. Iwo za maluwa sadziwa, ndi anthu a mabasi.

Sipanapite nthawi yaitali, tsiku lina tikudya pabwalo a Elias anakwinya mphuno. "Mayi, chikununkha kuno n'chiyani? Kwafa khoswe?" Tinafufuza kukhitchini, kuseri, kukhola, osapeza kanthu. Kenako ndinadutsa pansi pa mphika uja. Fungo lake ngati matope a m'dambo madzi akamaphwa. Ndinati mwina ndi manyowa chabe. Koma tsamba limodzi linayamba chikasu, kenako linathothoka lokha. Masinde onenepa aja anayamba makwinya ngati khungu la nkhalamba. Ndinati ndi ludzu limeneli, ndiye ndinayamba kuthirira m'mawa ndi madzulo. Makwinya anangowonjezeka.

Dzana ndinalimba mtima n'kukanda pang'ono pabowo limodzi ndi chikhadabo. Muzu umene ndinaupeza sunali woyera ayi. Unali wofiirira, wofewa, ndipo nditaukoka khungu lake linavuka, m'manja mwanga munangotsala kaulusi. Ndinakhala pansi pomwepo. Sindinakandenso pena, ndikuopa zimene ndikapezeko.

Chodabwitsa, kathumba kaja kakadali kobiriwira, ndipo katupa kuposa kale.

Dzulo ndinapita pamsika n'kugula mphika watsopano kwa mayi wina woumba, waukulu bwino, woti mizu itambasuke. Maganizo anga anali oti ndilizule mmene lilimo, ndiliike mu watsopanowu ndi dothi lina louma, lapachulu, lopanda manyowa. Ndinali nditatenga kale mpeni woti ndisendere mizu yokakamira ija. A Elias ndi amene anandigwira dzanja. "Munalimata osafunsa, tsopano mukufuna kulizula osafunsanso? Khalani pansi mayi." Sakonda kulankhula bambo amenewa, koma akalankhula ndimamva.

Estere naye anabwera, ndinamuonetsa. Poyamba anati, "Ine ndinangonena, sindinati mumate." Kenako anati, "Musadzipweteke mutu shamwali. Nenani kuti mbuzi inadumpha. Ku Limbe kuli maluwa apulasitiki, ofanana ndendende, safotanso. Pa chithunzi ndani adzadziwe?" Ndinamuthamangitsa, koma ndisaname, mawu a mbuziwo anatsala m'mutu mwanga, ndipo ndikudana nawo.

Lorenso sindinamuuze. Immaculate amaimba Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amayamba ndi kufunsa za msana wanga, kenako, "Azakhali, nanga mwana wanga uja ali bwanji?" Ine ndimati ali bwino. "Kathumba katupa?" Ndimati katupa, poti pamenepo pokha sindikunama. Lamulungu lapitali anati ndimujambulire, ine ndinati foni yanga galasi lake lachita mdima. Anaseka, amvekere, "Ndidzakugulirani ina, azakhali anga." Nditadula foni ndinalira.

Ndikuopa, Aphungu. Ndikamasoka diresi langa lodzavala paukwatiwo ndimaimba, kenako fungo lija likandipeza nyimbo imathera pomwepo. Ndikumuona mwana uja ataima pakhomo pa tchalitchi, manja ali lende. Ndikuona mayi ake, amene ndi namfedwa, akundiyang'ana. Mtsikanayu akusiya kwawo kozizira kudzakhala nafe kuno kotentha, ndipo chinthu chimodzi chokha cha bambo ake chimene anabwera nacho anachiika m'manja mwanga. Chikafa, ndiye kuti bambo akewo afa kawiri, kachiwirika ndawapha ndine. Adzandiitanabe azakhali? Adzandipatsa mwana wake kuti ndimunyamule?

Ndithandizeni. Ndilisamutse msanga lisanafe, kapena ndilisiye? Munthu amadziwa bwanji kuti nthawi yosinthira mphika duwa lotere yakwana? Mizu kutulukira panja kuja sikunali kulira kuti mphika wachepa? Mphika watsopano uli pakhonde, mpeni a Elias abisa. Chimene munene ndichita. Takhuta.

O.S., Bangula


Mayi O.S.,

Choyamba, mwayi wanu. Mwalera mwana mpaka kumupezera tsiku, ndipo mtengwa wanu akuoneka kuti ndi munthu. Diresi lija pitirizani kusoka. Chachiwiri, a Elias muwaphikire nkhuku, chifukwa mpeni umene abisawo ndi umene ukanamaliza zonse.

Simunachite zankhanza, munachita zimene khasu linakuphunzitsani. Kungoti chomera ichi si cha m'munda. Ndi m'bale wake wa chinaka chija timapanga ndiwo, koma pamene chinaka chimakhala m'nthaka, katileya kwawo amamera pa nthambi za mitengo, mizu ili pamphepo. Mvula ikagwa mizu imamwa, mphepo ikawomba imauma, ndipo imapuma ngati inu ndi ine. Makala aja sanali umphawi wa dothi, mabowo aja sanali kusweka. Mizu yolendewera inali chizindikiro chakuti lili bwino. Mutalimata munalitseka mphuno. Makwinya amene munaona ndi ludzu ndithu, koma ludzu lobwera chifukwa mizu yomwera yaola. Mukamathira madzi ambiri mumangoonjezera kuolako.

Musanagwire chilichonse, imbirani Immaculate. Lero, osadikira Lamulungu. Muuzeni monga mwandiuzira ine, dothi, manyowa, fungo, kaulusi kaja, zonse. Mbuzi zanu zisiyeni, sizinalakwe. Ndikukuumirizani chifukwa iye analiona duwali likukula m'manja mwa bambo ake, akudziwa nyengo imene limatulutsa mizu, ndipo pali chiganizo china kutsogoloku chimene si chanu kuchipanga. Adzakhumudwa, mwina adzalira, mwina foni adzaidula msanga. Mulekeni. Ameneyu ndi namwino, amadziwa kuti wodwala wofika msanga ndi amene amachira.

Mukatero chotsani matopewo, koma osati ndi mpeni kapena chikhadabo. Tsitsani mphika, muuviike m'beseni la madzi amvula mpaka dothi lifewe lokha. Muzithira madzi pang'onopang'ono ndi kapu, mukusisita ndi nthenga ya nkhuku kapena nsonga za zala. Madzi akada tayani, thirani ena. Bowo lililonse litseguke. Pamwamba kokololani dothi mpaka muone tsinde lokwawa limene limalumikiza masinde onenepa aja, chifukwa limenelo liyenera kukhala poyera nthawi zonse. Tsanulirani madzi kuchokera pamwamba mpaka otuluka pansi ayere. Muzu wokakamira kumphika musausende. Kathumba kaja musakagwire, musakanyowetse. Mukamaliza lipachikeni pamene linali, podutsa mphepo, ndipo musalithirire mpaka makala aume ndithu. Pambuyo pake bwererani ku mathiridwe amene mwiniwake anakuuzani.

Potsukapo mudzaona zimene mukuopa kuona, ndiye yang'anani bwino. Muzu wamoyo ndi wolimba mukautsina, woyera ukauma, ndipo umabiriwira ukanyowa. Wakufa ndi uja munaupeza, wofewa, wovuka khungu. Yakufa ili kunja mutha kuidula ndi lezala latsopano kapena lowaula pamoto. Ngati yamoyo ilipo ingapo, ndipo tsinde lokwawa lija n'lolimba, lopanda malo akuda ofewa, pumani. Duwalo lisiyeni mumphika wake womwewo.

Tsopano funso lanu lenileni. Mizu kutulukira panja si chifukwa chosinthira mphika. Zifukwa zake ndi ziwiri. China ndi pamene tsinde latsopano lafika pamlomo wa mphika, moti lotsatira lidzamerera m'malere. China ndi pamene makungwa a mkatimo afumbwa n'kusanduka ngati dothi, madzi osadutsanso msanga, fungo lili lowawasa. Koma ngakhale chifukwa chilipo, nthawi amanena ndi katileya mwini, osati inu, osati kalendala. Muziyang'ana patsinde laling'ono kuposa onse, m'munsi mwake. Tsiku lina mudzaona timizu tatsopano tikusuzumira, tansonga zobiriwira, tatifupi ngati njere za mpunga. Nthawi yake ndi imeneyo. Mukafulumira timizuto tisanaoneke, mizu yakale imene mwaisokoneza siigwiranso msanga, ndipo chomera chimangokhala chikufota. Mukachedwa timizuto titatalika, timathyoka ngati mphukira za nyemba, ndipo tothyoka nthawi zambiri timaima pomwepo. Mitundu ina imatulutsa timizu timeneti isanamasule, ina itamasula. Immaculate akuuzani kuti lake ndi liti.

Ndipo pali nthawi imene sitisamutsa dala, ndiyo ino, kathumba katatupa. Kayang'aneni mutaima mbali yoti kuwala kukuchokera kuseri kwake, mudzaona kamthunzi mkati. Kameneko ndi duwa. Chomera chikasokonezedwa mizu panopa, choyamba kutaya ndi chimenecho. Pewaninso miyezi yanu ija ya ng'amba, pamene kwanuko ngakhale nkhuku zimayasamula kukamwa.

Koma ndikuuzeni zoona, chifukwa simunandilembere kuti ndikunyengerereni. Mwina potsuka mudzapeza kuti yamoyo ndi yochepa kwambiri, mkati monse ndi phala, ndipo kuda kwayamba kukwera tsinde lokwawa. Zikatero kudikira timizu kulibenso phindu. Liyenera kutuluka msanga, choola chonse chidulidwe mpaka pooneka poyera, ndipo mwina kathumbako kadulidwenso kuti mphamvu yotsalayo ipite ku mizu. Apa ndi pamene pali chiganizo chija. Kusunga kathumba kungapatse Immaculate duwa la tsiku laukwati koma chomera n'kufa pambuyo pake. Kukadula kungapulumutse chomera cha bambo ake koma iye n'kulowa m'tchalitchi wopanda duwalo. Palibe azakhali, palibe phungu, amene angamusankhire pamenepa. Mujambulireni, foni ya Lorenso ilipo, ndipo Lorensoyo adziwe. Immaculate aone ndi maso ake, anene yekha.

Tsiku losamutsa likadzafika, kaya ndi mawa kaya ndi ukwati utapita, mphika waukulu uja musaugwiritse ntchito. Thiranimo madzi akumwa, udzakuthandizani alendo akachuluka. Mumphika waukulu pakati sipauma, ndipo mizu imaolanso. Pamafunika wongokulirapo pang'ono kuposa wakalewo, wobooka pansi ndi m'mbali, wosiya malo a masinde awiri atsopano basi. Mayi woumba uja angakuumbireni mutamuonetsa wakalewo. Mkati muike makala otsuka bwino, zidutswa zazikulu ngati chala chamanthu, ndi zidutswa za njerwa yootcha. Makungwa ngati mulibe ouma bwino asiyeni, kwanuko chiswe sichichedwa. Dothi lapachulu ayi, mchenga ayi, manyowa ayi. Viikani mphika wakale kuti mizu ifewe, ndipo ikakana kusiyana nawo, ndi bwino kuswa mphika kusiyana ndi kusenda mizu. Masinde akale agunde m'mbali mwa mphika, latsopano liyang'ane pakati pomwe pali malo. Tsinde lokwawa likhale pamwamba pa makala. Limangeni ku kamtengo lisagwedezeke, chifukwa timizu tikamakhuzika timasiya kukula. Masiku oyamba musathirire, mabala aume kaye.

Za Estere, nsomba pitirizani kugulitsa naye, koma pa nkhani iyi mawu ake akwana. Duwa lapulasitiki linganamize wojambula zithunzi, silinganamize mwana amene anakulira pambali pa chomeracho.

Chenjezo langa ndi ili. Sindingakulonjezeni kuti duwalo limasula chaka chino. Mwina litero, chifukwa zomera zimenezi n'zouma mutu, mwina ayi. Likapanda kumasula ukwati udzachitikabe, ndipo chomera chikakhala moyo chidzamasula chaka china, mwina pa ubatizo. Chimene sichidikira ndi foniyo. Tsiku lililonse limene mukukhala chete mizu ina ikufa, ndipo mukumulanda mtsikanayu mpata wopulumutsa yekha cha bambo ake. Za matopezo adzakukhululukirani, chifukwa adzaona kuti munamata ndi chikondi. Koma akadzatulukira yekha pofika, adzalowa m'banja lanu akudziwa kuti pakhomo pano zinthu zikavuta samuuza. Ndipo pakhomo pamenepo ndi pamene adzasiye ana ake akamapita kuntchito.

Ikani nyuziyi pansi, mayi, mukatenge foni.

Aphungu